Sipika ya matayala ija ndinagulira ulaliki wa pamsika, patha miyezi 8 tsopano

Anthu angapo akhala akundifunsa za sipika ija ndimayenda nayo popita kokalalikira, ena kutchalitchi ena pa WhatsApp, akuti kodi ndi yabwino, munagula zingati, batire imakhalitsa bwanji, nde ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha kusiyana nkumayankha mmodzimmodzi. Ndakhala nayo miyezi 8, yagwapo pa kabaza, yanyowapo ndi mvula, yandiyalutsapo pagulu, yandidanitsapo ndi aneba, nde ndikuona kuti mpata woyankhulapo ndili nawo.

Ine si m'busa ayi, olo mkulu wa mpingo sindine. Ndili ndi kahokala ku Area 25 mu Lilongwe muno, ndimagulitsa sopo, shuga, mafuta oyeza, timabisiketi ta ana basi. Ndimapemphera CCAP ndipo tili ndi kagulu ka anthu 7 kamene Loweruka timatuluka kukagawa Uthenga, pena khomo ndi khomo pena pamsika. Vuto langa chiyambire ubwana ndi manyazi, komanso mawu anga ndi aang'ono zedi moti ku pulayimale aphunzitsi ankachita kundifunsa kuti iwe ukuyankha ine kapena ukuuza malaya akowo. Nde tikafika pamsika anzanga amayamba kulalikira, ine ntchito yanga inali yogwirira anthu zikwama ndi kuvomera amen. Mumtima ndinkadzinamiza kuti vuto ndi kummero kokha, nditangopeza chokweza mawu nanenso anthu adzandimva ngati Petro tsiku la Pentekoste. Mayi akunyumba atalandira gawo lawo ku banki mkhonde ndinawanyengerera mpaka anandibwereka, ati mubweze isanafike nthawi ya feteleza.

Ndinakagula ku Old Town, mbali ya ku Malangalanga kuja, mashopu odzaza ma TV ndi masola ndi masipika mpaka pakhomo. Dzina la shopu sinditchula, ndipo dzina lolembedwa pa sipikayo silingakuthandizeni kanthu chifukwa sipika yomweyomweyo mukaipeza shopu yotsatira atamata dzina lina, mabatani omwewo, kabokosi komweko. Mnyamata wogulitsa nditamuuza kuti ndikufuna ya ulaliki anathamangira kunditengera megafoni, akuti akulu iyi ndi imene azibusa akugula, ndiyotchipa, imajambulanso mawu. Ndinaiyesa, koma abale, mawu ake amamveka ngati ukuyankhulira mu chitini cha mkaka, komanso tinene zoona, masiku ano munthu akamva megafoni mtauni muno maganizo ake amathamangira kwa anyamata ogulitsa mankhwala a makoswe, nsikidzi ndi mphemvu, nde ine ndizinena za chipulumutso anthu nkumabwera kudzafunsa mtengo wa mankhwala a nsikidzi? Ndinakana. Tinagwirizana pa ya matayala, yokoka ngati sutikesi, sipika yake ya mainchesi 8, maiki imodzi yopanda chingwe, karimoti, chaja, polowetsa fulashi ndi memori khadi, Bluetooth komanso wailesi ya FM. Anayambira K130,000, tinakokanakokana mpaka K105,000. Musagwire mtengo umenewu ngati malemba, mukudziwa nokha kuti chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja mtengo wake sugona malo amodzi, lero uli apa mawa uli apo.

Pa katoni analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 2000W. Ine ndinanyadira, ndinafika nayo kunyumba ngati ndagula galimoto. Ndili ndi mnzanga wokonza mawailesi ndi mafoni pa msika wa Nsungwi ku 25 konkuno, ataona katoni ija anaseka mpaka kutsamira tebulo. Anamasula kumbuyo nkundionetsa batire yake, kabatire kakuda kaja kangati ka njinga yamoto, 12V 4.5Ah. Akuti amwene chulukitsani 12 ndi 4.5, mupeza 54, ndiwo moto wonse umene uli mmenemu, nde chinthu chodya 2000W chenicheni chikanamaliza batire imeneyi mphindi 2 zisanakwane. Nambala ya pa katoni ija akuti imatchedwa PMPO, ndi yongokopera ogula, yeniyeni amati RMS ndipo pa sipika ngati yangayi iye anayerekeza kuti ili cha m'ma 30W. Nde mukapita kogula musamapikisane ndi ma ziro a pa katoni, funsani RMS, wogulitsa akayamba kukanda mutu dziwani kuti nayenso sakudziwa, ingoyesani ndi makutu anu.

Komabe 30W imeneyo si yochepa monga ikumvekera. Panja popanda phokoso, anthu 60 kapena 80 atakhala pansi amamva bwinobwino mpaka wa kumapeto. Pamsika pomwe pali minibasi, chigayo, ndi wina woliza nyimbo pa shopu yoikira nyimbo m'mafoni, imafika mwina mayadi 20 basi, kupitirira apo zimangomveka kuti kuli munthu akuyankhula koma mawu osagwirika. Chimene ndinaphunzira mochedwa nchakuti osaisiya pansi. Ikakhala pansi mawu onse amathera m'miyendo ya anthu ndi m'madengu a tomato, koma mukabwereka tebulo kapena benchi nkuikweza kufika cha pachifuwa, kusiyana kwake mungadabwe, ngati mwagula ina.

Pali kabatani kena kolembedwa echo, ife timangoti eko. Abale anga olalikira, ndikupempheni mwa chikondi, kabatani kameneka kasiyeni pa ziro. Ndikudziwa kuti timaikonda, ukati aleluya nkumamveka ya ya ya ya umadzimva kudzoza, ine masabata oyamba ndinkaipotokola mpaka kumapeto. Tsiku lina titamaliza agogo ena anandiitana nkundiuza kuti mwana wanga mwalalikira mwamphamvu koma ine ndangomvapo Yesu ndi amen, zapakatizo zimangogundana. Zinandipweteka koma ankanena zoona. Pano eko ndimachotseratu, besi ndimatsitsa, tirebulo ndimakwezako pang'ono, mawu amatuluka oyera. Besi ndi ya nyimbo, mawu a munthu ikachuluka amangoti wuwuwu. Timagetsi take tothwanima tija natonso ndimazimitsa, timadya batire chabe, komanso ana amaunjikana kuona magetsi nkumadikira kuti mwina kuyamba dansi.

Maiki ndi imene yandikwiyitsa kwambiri pa zonse. Imayendera mabatire awiri a AA ndipo imawadya ngati chiswe, aja otchipa a pa hokala yanga yomwe samaliza Loweruka ziwiri. Katoni imati imagwira mpaka mamita 50, bodza, ukayenda mapazi 15 yayamba kale kudukiza, wina akadutsa pakati pa iwe ndi sipika mawu amadumpha, nde umati Mulungu anakonda dziko lapansi anthu nkumva Mulungu ... nda ... pansi. Ukaima kutsogolo kwa sipika imalira kuti piiii mpaka ana kutseka makutu, umayenera kuima pambali kapena kumbuyo kwake pang'ono. Ndinamaliza nkugula maiki ya chingwe yapadera, ndiyo ndimadalira, yopanda chingweyo yangokhala yoyendetsa pagulu wina akafuna kupereka umboni.

Matayala ndi handulo musawawerengere. Timatayala take ndi tapulasitiki tating'ono, tinapangidwira pa simenti ya mu shopu osati misewu yathu ya fumbi ndi miyala ya ku 25 kuno. Mwezi wachiwiri handulo inathyoka ndikuwoloka ngalande. Pano ndimangokweza pa kabaza nkumanga ndi mphira, ndipo wakabaza amandilipiritsa ngati anthu awiri. Fumbi likalowa m'mabatani a voliyumu imayamba kuchita khrrr ukamapotokola, nde ndimaikulunga mu chitenje chakale cha mayi akunyumba tikamayenda.

Tsopano ndinene za tsiku loyamba, chifukwa ndi pamene ndinadziwa chimene ndinagula ndi chimene sindinagule. Anzanga anati poti sipika ndi yanu, lero muyambe ndinu, ndipo tiyambire pafupi pompano pa Nsungwi. Ine ndinkafuna tipite kutali, ku Mitundu kapena ku Nathenje komwe palibe amandidziwa, chifukwa kulalikira kwa alendo nkophweka, ukamaliza ukwera minibasi basi. Koma pa Nsungwi pamadutsa makasitomala anga, amene ndinakanganapo nawo za chenji, amene ndinawamana ngongole ya shuga, amene amadziwa kuti kale ndisanatembenuke Lachisanu ndinkapezeka kuti. Tinafika, tinapempha malo kwa atcheya a msika, ndinayatsa sipika nkuika fulashi ya nyimbo za kwaya kuti anthu asonkhane. Nyimbo yoyamba inatha, ndinaika yachiwiri. Yachitatu. Ndinakhala ndikuliza nyimbo mphindi 40 zathunthu ndikunamizira kukonza mabatani, mpaka mayi wina wa m'gulu lathu, wa Chigwirizano, anabwera nkundinong'oneza kuti achimwene tabwera kudzalalikira kapena mwatsegula wailesi? Ndinatenga maiki dzanja likunjenjemera, ndinatsegula pa Aroma 1:16, paja pamati Uthenga Wabwino sundichititsa manyazi, pakuti uli mphamvu ya Mulungu yakupulumutsa munthu aliyense wakukhulupira. Nde taganizani munthu akuwerenga kuti sachita manyazi koma mawu akunjenjemera ngati wagwidwa malungo, ndipo sipika ija mokhulupirika inatenga kunjenjemera konseko, kupuma kwa befu, ngakhale kumeza malovu, nkukweza kuti msika wonse umve. Imakweza chimene waipatsa basi, ukaipatsa mantha imakweza manthawo.

Ndili mkati movutikira choncho mnyamata wina wakabaza amene ali ndi ngongole yanga ya K3,500 anakuwa kuti eee a hokala lero mwasanduka abusa, nde ngongole ija mwakhululuka eti? Msika wonse unafa nako kuseka. Ine kukamwa kunauma, ndinangoti Mulungu akudalitseni achimwene nkupatsira maiki mnzanga. Yankho labwino linandibwerera usiku ndili pabedi, loti ngongole ya shuga ikadalipo koma ilipo ina yaikulu imene wina anakulipirirani kale, koma nthawi imeneyo nkuti msika utatseka kalekale. Ndinagona ndikuganiza zokabweza sipika ku shopu.

Chimene chinandibweza Loweruka lotsatira si sipika ayi. Mkulu wa mpingo wa kudera kwathu, bambo wachikulire amene sayankhula zambiri, nditamufotokozera anangonditsegulira Machitidwe 4. Akuti taonani, Petro ndi Yohane anali anthu wamba osaphunzira, akuluakulu anawaopseza kuti asayankhulenso m'dzina la Yesu, iwo nkuyankha kuti sitingathe kuleka kulankhula zimene tinaziona ndi kuzimva, koma atabwerera kwa anzawo anakapempheranso kuti apatsidwe kulimbika mtima. Akuti ngati Petro amene anayenda ndi Ambuye zaka zonse zija ankachita kupempha kulimba mtima, inu mumayesa mukagula ku Malangalanga? Anandikumbutsanso za malemu Stephen Lungu, uja anadzatsogolera bungwe lolalikira Uthenga la African Enterprise nkumwalira mu Januwale 2021. Munthu ameneyu anakulira m'misewu ya ku Harare, nthawi imeneyo kukutchedwa Salisbury, anali mu gulu la zigawenga lotchedwa Black Shadows, ndipo mu 1962 anapita ku msonkhano wa mu tenti ku Highfield atanyamula mabomba a petulo kuti akaotche, nkukatembenuka mtima komweko. Atangotembenuka anayamba kuuza anthu m'mabasi zimene zamuchitikira, kuwerenga asakudziwa nkomwe. Analibe vesi yoloweza, analibe maiki, anali ndi nkhani yake yokha. Nde mkulu uja anati siyani kuyesa kulalikira ngati abusa a pa wailesi, kanene zimene Yesu anakuchitirani inuyo, anthu a pa Nsungwi amakudziwani kale mmene munalili, umenewo ndiye mwayi wanu osati tsoka.

Ndinachitadi choncho. Ndinangonena kuti ambiri mukundidziwa, mukudziwa komwe ndinkamwera, mukudziwa kuti banja langa linatsala pang'ono kutha, nkufotokoza mmene zinasinthira. Mawu ankanjenjemerabe koma anthu anakhala chete, ngakhale wakabaza uja anaima nkumvetsera atatsamira njinga yake. Apa nde sipika inagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa ndi mawu anga aang'onowa popanda iyo akanamva anthu 4 okha oyandikira. Pamenepa ndiyamikire ndithu, kwa munthu wa mawu ochepa ngati ine chinthuchi chimathandiza, sukhalanso ukukuwa mpaka kusasa mawu, umayankhula mwachibadwa ngati ukucheza ndipo wakutali amamva.

Koma munthu ndi munthu, manyazi atachepa ndinagwera mbali inayo. Voliyumu imaledzeretsa, ndikuuzeni. Ndinayamba kudzuka 4 koloko mmamawa, kutulutsa sipika pakhonde nkumalalikira mudzi wonse, mumtima ndikuti uku nde kulimba mtima, amene akudandaula ndi mdima ukuwawa. Ndinachita masiku 5. Tsiku lachisanu ndi chimodzi aneba athu, mayi wachikulire wa Katolika amene amalera tidzukulu tiwiri, kena kakhanda, anabwera pa hokala kudzagula machesi. Sanakalipe olo pang'ono. Polipira anandipatsira limodzi kapepala kolembedwa Miyambo 27:14, nkuti bambo mukapeza nthawi mukawerenge. Ndinatsegula pompo. Vesi imeneyo imanena za munthu wodalitsa mnzake mokuwa mmamawa, kuti dalitso lakelo anthu adzaliyesa temberero. Abale, zaka zonsezi ndikuwerenga Baibulo sindinkadziwa kuti muli vesi yonena za ine ndi sipika yanga. Ndinaseka ndekha koma manyazi anandigwira, manyazi oyenera tsopano. Madzulo ndinapita kukapepesa, ndipo ndi pamene ndinamva kuti kamwana kaja kanali kakudwala sabata yonseyo, kamagona cha m'ma 3 usiku, ine 4 koloko nkukadzutsa ndi aleluya. Bambo wina wa nyumba yakumbuyo ndi mlonda, amafika mbandakucha kuti apume, nayenso anali atandisungira mawu ake.

Chichokereni apo tinaika malamulo m'gulu lathu. Sipika siyatsidwa mmudzi dzuwa lisanatuluke kapena kukada. Sitiyatsa pafupi ndi chipatala, sukulu ana ali mkalasi, kapena pafupi ndi mzikiti anzathu achisilamu akupemphera, tinaonapo anthu ena akuchita dala kuloza sipika ku mzikiti Lachisanu masana, ine sindiona kuti pamenepo pali Uthenga, ndi mtopola chabe ndipo palibe amene anatembenukapo chifukwa chosokonezedwa pemphero. Pamsika timayamba tapempha kwa atcheya, kumudzi kwa amfumu. Ndipo ndimadzifunsa kawirikawiri za Mateyu 6:5, za aja okonda kuima pa mphambano kuti anthu awaone, chifukwa maiki ikakhala m'manja nkovuta kusiyanitsa ngati ukukweza Yesu kapena ukudzikweza wekha, zonse zimatulukira pa sipika imodzi.

Za batire, katoni imati maola 8. Ili yatsopano, ndikaika nyimbo voliyumu yonse inkatha maola 2 osakwana bwino, kuyankhula kokha magetsi aja nditazimitsa inkafika maola 4. Kutchaja kumatenga pafupifupi maola 6, nde ndi mmene magetsi amazimirazimira muno umayenera kuyamba kuganiza Lachinayi za Loweruka. Mnzanga wa pa Nsungwi anandichenjeza kuti batire ya mtundu umenewu sifuna kuimaliziratu moto mpaka kuzima yokha, komanso sifuna kugonekedwa yopanda moto, ukangofika kunyumba uitchaje. Ine sindinamvere, ndinkaisiya mpaka Lachisanu, mwezi wachisanu inayamba kutha mphindi 30. Ndinabwerera ku shopu kuja ndi lisiti, mnyamata yemwe uja amene tsiku logula ankandiitana akulu anandiyang'ana ngati sanandionepo, akuti galanti inali ya sabata imodzi bwana, komanso batire sitiikira galanti. Pa lisiti sanalembepo chilichonse cha galanti, kulakwa kwanga sindinafunse. Ndinagula batire ina K28,000 mnzanga uja nkundiikira. Ubwino wake kumbuyo kuli polumikiza batire ya 12V yapadera, nde amene muli ndi batire ya sola kunyumba mutha kuyenda nayo, kungoti ndi katundu winanso pa kabaza.

Batire yakaleyo isanasinthidwe ndi imene inandichitira zinazake ku Mitundu. Linali tsiku la msika, anthu ali yakaliyakali, usiku wake magetsi kunalibe nde sipika inali ndi moto wochepa koma ndinati Mulungu aona. Ndinayamba bwinobwino, anthu anasonkhana ambiri ndithu, ndili pakati pa nkhani ya mwana wolowerera, ndafika pomwe bambo akumuona mwana ali kutali, sipika inangoti thi. Zii. Ndinamenyamenya maiki, kuzimitsa kuyatsa, ayi ndithu. Ndinayesa kupitiriza ndi pakamwa koma mawu angawa pamsika wa Mitundu ndi ngati kulira kwa udzudzu, anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, mphindi 3 ndinatsala ndi anzanga ndi ana awiri ofuna kuona ngati iyakenso. Ndikukulunga chingwe mokhumudwa ndinamva mawu kumbuyo, mayi wina wogulitsa mtedza ndi nyemba, wamkulu ndithu, akuti mwana wanga wailesi yanu yatha moto? Bwerani mudzamalizire pano, ine ndimamvetsera, bamboyo anatani atamuona mwanayo?

Ndinakhala pa njerwa pafupi ndi lichero lawo nkumaliza nkhani ija. Atamva anakhala kaye chete akusankha mtedza, kenako anati wanu uja anabwerera, wanga anapita ku Joni chaka chachinayi chino, foni anasiya kuimba, kaya ali moyo kaya anafa, ndapemphera mpaka ndatopa, nde Mulungu wanuyo mukuti amathamangira ana, wangayo bwanji sakumubweza? Abale, ndinalakalaka sipika itayaka nthawi yomweyo kuti ndithawireko. Pa maiki palibe amakufunsa funso, umayankhula iwe wekha, ukamaliza amen. Apa munthu akukuyang'ana m'maso kudikira yankho ndipo yankho ndinalibe. Ndinawauza zoona kuti mayi sindikudziwa chifukwa chake, ndipo sindingakunamizeni kuti abwera mwezi uno. Ndinangowauza kuti mu nkhani ija amene ankayang'ana kumsewu tsiku ndi tsiku ndi bamboyo, nde ululu wodikira mwana Mulungu amaudziwa. Ndinafunsa ngati angalole tipemphere, anavomera, tinapemphera motsitsa mawu anthu akudutsa, wina mpaka anaima kufunsa mtengo wa nyemba pemphero lili mkati, mayi aja anamukwezera dzanja kuti adikire. Thukuta limene ndinatuluka pa njerwa ija linaposa la tsiku loyamba pa Nsungwi. Pobwerera mu minibasi mayi wa Chigwirizano uja anandikumbutsa 1 Petro 3:15, kuti tikhale okonzeka kuyankha yense wotifunsa za chiyembekezo chathu, komatu ndi chifatso ndi mantha, nkuti mwaona achimwene, vesiyi ikuti wokufunsani, nanga munthu angakufunseni bwanji inu muli pa voliyumu 30? Tikapita ku Mitundu ndimawapeza mayi aja, mwana sanabwerebe, timapempherabe, ndipo amandiikira mtedza wa basera olo ndikane.

Kumene sipikayi yagwira ntchito koposa, mosayembekezera, ndi pa maliro. Mmudzi muno akangomva zovuta amatumiza mwana kuti kabwereke sipika kwa a hokala. Mbiri ya malemu, mawu a amfumu, kuwerenga chipepeso, ulaliki wa kumanda, zonse zimamveka mpaka kwa azimayi okhala kuseri kwa nyumba amene kale ankangoona milomo ikugwedera. Yapitanso ku zinkhoswe ziwiri, ku Sande sukulu, ndi ku mapemphero a m'milaga tikachuluka mpaka kukhala panja. Aneba athu a Miyambo 27 aja anabwerekanso pa mwambo wa kumphakati kwawo, anabweza itatchajidwa fulu, ndi okhawo amene anachitapo zimenezo.

Nde amene mukufuna kugula, pa 10 ine ndiipatsa 6. Mawu ake pa mtengo umenewu ali bwino, Bluetooth imagwira msanga, fulashi imawerenga popanda vuto, wailesi ya FM imafuna kukokera waya wake kunja koma imagwira. Malikisi yataya pa maiki, pa matayala, pa batire ndi pa bodza la pa katoni. Mukamagula yesani chilichonse muli mu shopu momwemo, tengani maiki mutuluke nayo panja muone pomwe iyambire kudukiza, potokolani batani lililonse, auzeni aichotse ku magetsi muimve ikulira pa batire yokha chifukwa ena amakuyesera ili pa chaja, ndipo za galanti alembe pa lisiti ndi cholembera. Ngati ndalama ilipo onjezerani maiki ya chingwe tsiku lomwelo. Koma ngati mukugula ndi maganizo amene ndinali nawo ine, oti ikuchotserani manyazi, sungani ndalama yanuyo mugulire feteleza, yambani kaye mwauza munthu mmodzi wa pa ntchito panu kapena mlamu wanu amene mumaopa uja, mukaona kuti mwapirira pamenepo nde mukagule.

Gulu lathu pano tinasintha kachitidwe, sipika timayatsa mphindi 20 zokha, nyimbo imodzi, umboni umodzi, vesi, kenako timazimitsa dala nkugawana awiriawiri kulowa m'mabenchi kukacheza ndi anthu, wina mmodzi amatsala kulondera katundu. Batire nayo ikupuma bwino. Loweruka likubwerali tili ku Lumbadzi. Obwereka sipika ndinu olandiridwa monga mwa nthawi zonse, koma chonde mabatire a AA muzibwera ndi anu, ya kabaza muzilipira nokha, ndipo amene anabweza karimoti kopanda chivindikiro chakumbuyo akudzidziwa.